Atchaja foni, atchaja mtengo, atchaja mlandu: kodi liwu loti "charge" ndi limodzi lomweli?

Azakhali anga a ku Chibavi anagonekedwa m'chipatala masiku anayi mwezi wa Juni, nthawi ija Mzuzu amazizira mpaka mano kumagundana, ndipo tsiku lotuluka amene ndinapita kukawatenga ndine. Ndinawapeza atakhala pabenchi panja pa wodi, juzi ziwiri, mpango kumutu, buku lawo lakuchipatala lili m'manja, koma nkhope sinali ya munthu woti wachira ayi. Ndikuti azakhali bwanji, m'thupi mukumvabe kuwawa? Iwo akuti ayi mwana wanga, m'thupi muli bwino, koma taona apa, andilemba tchaji, nanga ine ndalakwa chani?

Nditaona patsambapo panali polembedwa "discharged", kenako m'munsi mwake "see nurse in charge after two weeks", ndipo pakapepala kamankhwala wina anali atalembapo "no charge". Katatu konse liwu limodzi lomwelo. Azakhali sikuti sadziwa kuwerenga, anafika Sitandade 8 yakale ija ndipo Chingerezi amatolako bwino ndithu, koma liwu limeneli analiphunzira pamalo owawa, zaka zapitazo mwana wawo wamwamuna atagwidwa ndi apolisi pankhani ya ndewu, nde anamva wapolisi akuti tamutchaja. Kuyambira tsiku limenelo kwa iwo "charge" ndi mlandu basi. Pamene pepala lija limangonena kuti mwatulutsidwa, mudzaonane ndi namwino wamkulu pakatha masabata awiri, ndipo mankhwalawa simulipira kanthu. Nkhani zabwino zokhazokha, koma munthu wamkulu anakhala pabenchi mwina ola lathunthu mtima uli m'mwamba.

Zinandikhudza, ndipo n'chifukwa chake ndati ndilembe za liwu limeneli mofatsa.

Chingerezi chili ndi khalidwe loti mawu ake afupiafupi, omwe aja timaphunzira ku pulayimale, ndi amene amanyamula matanthauzo ambiri. Dikishonale yaikulu ya Oxford, imene inatuluka mu 1989, inapatsa mneni woti "set" matanthauzo 430, ndipo ataikonzanso mu 2011 mneni woti "run" anapezeka ndi matanthauzo 645. Tangoganizani, zilembo zitatu zokha. "Charge" safika pamenepo, koma kwa ife kuno ndi wofunika kuposa onsewo chifukwa tinamutenga n'kumulowetsa m'nyumba, tinamuveka zovala zathu, timati kutchaja, kutchajitsa, kutchajidwa, ndipo ngakhale agogo amene sanapondeko m'kalasi amadziwa kunena kuti kanditchajitsireni foni kwa aneba. Musasokoneze ndi kutchaya, monga kutchaya lamya, limenelo ndi lathu lakale ndipo palibe ubale uliwonse, kungofanana kamvekedwe.

Nde matanthauzo onsewa anachokera kuti? Anachokera pa ngolo. Eee, ngolo yeniyeni ya mateyala, ngati zija mumaziona ku Mzimba ng'ombe ziwiri zikukoka matumba a chimanga kupita kuchigayo. Kale kwambiri m'dera limene lero ndi France munkakhala anthu otchedwa Agaulo, akatswiri opanga ngolo, ndipo Aroma anatengera liwu lawo la ngolo n'kulilowetsa m'Chilatini kukhala "carrus". Julius Caesar analigwiritsa ntchito polemba za mtundu wa Helvetii umene unasamuka kwawo, kumene lero ndi Switzerland, m'chaka cha 58 Yesu asanabadwe, ndipo asananyamuke anagula ngolo zambirimbiri zoti anyamulire katundu. Patapita zaka mazana angapo Chilatini chinabala mneni woti "carricare", kutanthauza kupakira katundu m'ngolo. Mneni ameneyu atafika pakamwa pa Afalansa anasanduka "chargier", kenako mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England pankhondo ya ku Hastings, ndipo kwa zaka zambiri mafumu, makhoti ndi anthu olemera a ku England ankalankhula Chifalansa. Pofika m'ma 1200 liwu lija linali litakhazikika m'Chingerezi, ndipo tanthauzo lake linali limodzi losavuta: katundu, komanso kusenzetsa katundu.

Abale ake mumawadziwa kale, kungoti mwina simunawaganizirepo kuti ndi a nyumba imodzi. "Car" ndi ngolo yomwe ija. "Carry" ndi kunyamula. "Cargo", katundu amene amadzadza m'mathiraki aja amadutsa pa Katoto kuchokera ku Songwe, inadzera ku Chisipanishi koma muzu ndi womwewo. Ngakhale "caricature", chithunzi chojambula munthu mokokomeza mphuno kapena makutu monga amachitira m'nyuzipepala, inachokera ku Chitaliyana kutanthauza kupakira mopyola muyeso.

Apa ndi pamene ine ndimasangalala napo, chifukwa Chichewa chathu chimachita chimodzimodzi ndipo sitidabwa nacho. Mayi amasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kunkhalango. Koma timanenanso kuti bambo uja wasenza udindo waukulu, mnyamata uja amusenzetsa mlandu woti si wake, banja lija lasenza ngongole. Udindo ulibe makilogalamu, mlandu suoneka ndi maso, koma tonse timamva kuti ndi zinthu zolemera zimene zimakhala pamutu pa munthu mpaka atazitula. Azungu nawonso anaganiza choncho basi. Mukagwira chithunzi chimenechi, cha munthu kapena chinthu chimene chasenzetsedwa kanthu, matanthauzo ambiri a "charge" amayamba kufola okha.

Tiyambe ndi udindo chifukwa ndi umene uli pafupi kwambiri ndi ngolo ija. Munthu amene ali "in charge" ndi amene wasenzetsedwa ntchito yoyang'anira. Kupolisi kuli Officer in Charge, uja timangomuti a OC, kuchipatala chaching'ono chakumudzi anthu amangoti a incharge ngati ndi dzina lawo, kuwodi kuli namwino amene ali "in charge" ngati uja azakhali anauzidwa kuti akaonane naye. Mphunzitsi wamkulu akachoka, wachiwiri wake amauzidwa kuti "take charge", tengani udindo. Ku ofesi za akazembe kukakhala kuti kazembe kulibe, amene amagwirizira amatchedwa "chargé d'affaires", Chifalansa chosasinthidwa n'komwe, kutanthauza wosenzetsedwa ntchito. Ndipo m'mipingo ina, tsiku lodzoza m'busa, pamakhala mawu a malangizo amene mkulu wina amapereka kwa wodzozedwayo, amenewonso amatchedwa "charge", kumusenzetsa nkhosa.

Koma pali kamsampha kamodzi pano kamene kamagwetsa ngakhale ana a ku Mzuni. "In charge of" ndi "in the charge of" ndi zosiyana ngati usiku ndi usana. Mukalemba kuti "the teacher is in charge of the children" ndiye kuti mphunzitsi akuyang'anira ana. Mukati "the children are in the charge of the teacher" nkhani ndi yomweyo koma mwayambira kwa anawo, iwo ali m'manja mwa mphunzitsi. Nde mukaiwala kaliwu koti "the" n'kulemba "the children are in charge of the teacher" mwanena kuti anawo ndi amene akulamulira mphunzitsi. Kaliwu ka zilembo zitatu katembenuza sukulu yonse. Ndipo ana amene ali m'manja mwa munthu amathanso kutchedwa "charges" ake, chifukwa iwowo ndiye katundu amene wasenza.

Tsopano ndalama. Tanthauzo ili linabwera m'ma 1400, ndipo silovuta kulimva, chifukwa aliyense amene analipirako fizi ya mwana mwezi wa Januwale amadziwa kuti ndalama ndi mtolo. Wogulitsa akakutchaja ndiye kuti wakusenzetsa mtengo. Ili ndi tanthauzo limene timaligwiritsa ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo: wa Sacramento, kabaza wa njinga uja, pa depoti akutchaja zingati kukafika ku Zolozolo, telala watchaja zingati kusoka yunifomu, mmisiri watchaja zingati kufolera nyumba, ndipo ngakhale pachikwati chakuno kumpoto mumva kuti akuchikazi atchaja ng'ombe zakutizakuti. Onani kuti ifenso pa Chichewa timasiyanitsa ndithu, sitinena kawirikawiri kuti shopu yatchaja shuga pamene mtengo walembedwa kale papaketi, timati shuga ali pa mtengo wakuti. Kutchaja kumamveka bwino pamene pali munthu amene wakuyang'ana kaye, wayeza ntchito yake, mwinanso wayeza nsapato zako, kenako n'kutchula ndalama. N'chifukwa chake kutchaja kumayenda ndi kunenerera.

M'Chingerezi namonso muli kusiyana kotere ngakhale malire ake si okhwima. "Price" ndi mtengo wa chinthu chimene ukugula n'kupita nacho, "fare" ndi ya ulendo, ya minibasi yopita ku Nkhata Bay, "fee" ndi ya sukulu, ya loya, ya dokotala, pamene "charge" kawirikawiri ndi ndalama ya ntchito imene wina wakugwirira kapena yoonjezera pamwamba. Ndi ija imadulidwa ku banki mwezi ndi mwezi, ndi ija timakumbutsana potumizirana ndalama pafoni kuti muikeko ndi yochotsera yomwe. Yoonjezera pamwamba pa yoonjezera ndi "surcharge". Akakudula mopitirira ndi "overcharge". Ndipo "free of charge" kapena "no charge" ndi ulere, palibe mtolo, zimene zinalembedwa pakapepala ka azakhali. Mukamva mzungu muhotela akuti "charge it to my room" sakunena za magetsi ayi, akuti lembani ngongoleyo pa chipinda changa ndidzalipira potuluka.

Palinso tanthauzo lina la ndalama limene anthu ambiri amakumana nalo koyamba tsiku losaina mapepala a ngongole, ndipo ndimafuna aliyense amene ali ndi puloti alidziwe. M'malamulo athu a malo olembetsedwa, ukakongola ku banki n'kupereka nyumba kapena puloti ngati chikole, banki imalembetsa "charge" pa malowo. Malo ndi ako ndithu, dzina ndi lako, koma asenza ngongole, sungawagulitse mwaufulu mpaka utamaliza kubweza, ndipo ukalephera banki ili ndi njira yowagulitsira. Ukamaliza kubweza amakupatsa chikalata cha "discharge", malo aja atula katundu. Nde mukaona liwu limeneli papepala la malo musaganize kuti ndi kandalama kolipira pa kauntala, funsani bwinobwino musanasaine.

Tifike pa tanthauzo limene linaopsa azakhali. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 liwuli linali litalowa kale m'makhoti a ku England, kusenzetsa munthu mlandu, ndipo kuno linabwera ndi malamulo a atsamunda. Apa ndikufuna ndichedwepo chifukwa timasokoneza zinthu zitatu zosiyana, ndipo kusokonezako kumapweteka anthu enieni. Kumangidwa, "arrest", ndi pamene apolisi akugwira n'kukusunga. "Charge" ndi pamene akuuza mwalamulo kuti tikukuimba mlandu wakuti, pansi pa gawo lakuti la malamulo, ndipo zimalembedwa pa chikalata chotchedwa "charge sheet" chimene chimawerengedwa kukhoti kuti uvomere kapena ukane. Kupezeka wolakwa, "conviction", ndi chinthu chachitatu chimene chimabwera khoti likamva umboni. Munthu wotchajidwa sanapezeke wolakwa ayi, wangosenzetsedwa, ndipo khoti likhoza kumutula. Koma m'makwalala mwathu muno, ndi pa WhatsApp makamaka, munthu akangomveka kuti amutchaja basi ndi wakuba kale, ana ake kusukulu ayamba kulozedwa zala, pamene mwina miyezi itatu kutsogolo mlandu udzathetsedwa ndipo palibe amene adzatumize uthenga wachiwiri wonena kuti uja anamumasula.

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 42, amati munthu womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera nthawi imene khoti silikugwira ntchito, afikitsidwe tsiku loyamba limene khoti latsegula, kuti akamuimbe mlandu kapena akamuuze chifukwa chimene akumusungirabe, apo ayi atulutsidwe. M'Chingerezi chake liwu lili pamenepo ndi lomweli, "to be charged". Nde wachibale wanu akagona m'chitolokosi, funso loyamba lofunsa mwaulemu ndi loti kodi bwana, mwamutchaja mlandu wanji? Ndipo matanthauzo awiri amakumana pakhomo lomwelo, chifukwa belo ya kupolisi ndi yaulere, "free of charge", munthu wotchajidwa mlandu sayenera kutchajidwa ndalama kuti apatsidwe belo yakupolisi. Mukamva pa wailesi kuti "charges were dropped" ndiye kuti boma lasiya mlanduwo. "To press charges" ndi pamene wolakwiridwa waumirira kuti nkhani ipite kutsogolo osati ithere pakukambirana kwa ankhoswe kapena kwa amfumu.

Kuchoka apa liwuli limalowa kunkhondo. Mfuti zakale, ngati zija za gogodela zimene alenje akale ankasunga, unkathira onga kukamwa kwake n'kutsendera ndi kamtengo, ndiye kuipakira kumeneko kunali "to charge", ndipo muyeso wa onga wokwana kuombera kamodzi unali "a charge". Mpaka lero ophwanya miyala ku kwale amatcha zophulitsira zimene amaika m'dzenje la mwala ndi dzina lomweli. Pofika m'ma 1500 liwuli linkatanthauzanso kuthamangira mdani mwamphamvu, ine ndimachiona ngati kumugwetsera kulemera kwako konse, iwe ndi hatchi yako. Chitsanzo chotchuka ndi cha pa 25 Okutobala 1854 ku Balaclava, pankhondo ya ku Crimea, pamene asilikali apahatchi a Britain oposa 600 anathamangira mizinga ya Russia chifukwa cha lamulo limene linamveka molakwika, ndipo oposa 100 anafera pomwepo. Njovu ya ku Vwaza ikakuthamangirani makutu ali tambasu, Chingerezi chimati "the elephant charged", ndipo njati ndi chipembere nazonso zimatero. Pa Mzuzu Stadium wosewera akagunda mnzake ndi phewa polimbirana mpira imeneyonso ndi "charge", yololedwa ikakhala phewa kwa phewa mpira uli pafupi, koma ikakhala yosasamala kapena yamphamvu mopyola oimbira amaliza wezulo.

Kanthu kena kokoma: liwu loti "charger", limene ife timati tchaja ndipo timabwerekana tsiku lililonse, kale linali hatchi yankhondo. Ndipo kale kwambiri kuposa apo linali mbale yaikulu yonyamulira nyama patebulo. Amene muli ndi Baibulo la Chingerezi la King James la 1611 tsegulani Mateyu 14 vesi 8, mupeza mtsikana uja akupempha mutu wa Yohane M'batizi "in a charger". Mwana wa Sande sukulu wa lero akhoza kudabwa kuti mutu ukwana bwanji mu tchaja, koma ndi mbale, chinthu chimene amachisenzetsa chakudya.

Nanga magetsi analowamo bwanji? M'zaka za 1745 ndi 1746 akatswiri a ku Ulaya, mmodzi wa iwo Pieter van Musschenbroek wa mumzinda wa Leiden ku Netherlands, anapeza kuti botolo lagalasi likhoza kusunga mphamvu ya magetsi n'kuitulutsa kamodzi mwadzidzidzi, mpaka munthu woligwira kunjenjemera thupi lonse. Benjamin Franklin ku Philadelphia anayamba kuchita kafukufuku ndi mabotolo amenewa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1740, ndipo mawu amene ankagwiritsa ntchito ndi amene tili nawo mpaka pano: kudzadza botolo kunali "charge", kutulutsa kunali "discharge", ngati mfuti, ndipo mabotolo angapo olumikizidwa pamodzi anawatcha "battery", limene linali dzina la mizinga yondandalikidwa pamodzi. Batire la mufoni mwanumo dzina lake ndi lankhondo. Ndi Franklin yemweyo amene anatipatsa "positive" ndi "negative", pulasi ndi mainasi zija zili pa batire la tochi, ndipo anasankha mainawo asanadziwe chimene chimayenda muwaya, chifukwa elekitironi, kachinthu kakang'ono ka mu atomu kamene kamayenda muwayamo, inadzapezeka mu 1897 ndi J. J. Thomson, n'kupezeka kuti ndi ya mainasi.

Nde kwa ana a Fizikisi "charge" ndi dzina la khalidwe limene tizinthu tating'onoting'ono ta mu atomu tili nalo, lopangitsa kuti tofanana tikankhane ndipo tosiyana tikokane, ndipo amaliyeza mu coulomb, dzina la katswiri wa ku France. Pabatire la foni pamalembedwa manambala monga 5000 mAh, umenewo ndi muyeso wa katundu amene batirelo lingasenze, ngati kunena kuti ngolo iyi imanyamula matumba khumi. Kungoti chithunzi cha kudzadza chimanamiza pang'ono. Ukalumikiza foni kukhoma sikuti magetsi akuthiridwa m'batire ngati madzi mu ndowa ayi. M'kati mwa batire muli mbali ziwiri, ndipo tizidutswa ta lithium timasamuka kuchoka mbali ina kupita ina pamene ukugwiritsa ntchito foni, nde tchaja ntchito yake ndi kutikankhira kubwerera kumene tinachokera, ngati kukankha wilibala kukwera chitunda cha ku Masasa kuti idzatsike yokha. Ulendo uliwonse wopita ndi kubwera umaperepesa zam'katimo pang'ono, n'chifukwa chake foni ya zaka zitatu imatha msanga ngakhale utaitchaja usiku wonse.

Ife pa Chichewa tinasankha chithunzi china, ndipo ine ndimachikonda kuposa cha azungu. Timati foni yatha moto, ilibe moto, dikirani ilowe moto pang'ono. Mneni tinabwereka koma dzina tinakana, tinatenga la kukhitchini kwathu. Ndipo n'zoona ndithu, magetsi akazima masiku awiri ku Mchengautuba anthu amanyamula mafoni kupita kwa amene ali ndi sola ngati mmene amayi athu ankapitira kukapala moto kwa aneba ndi phale. Pakabenchi ka mnyamata wotchajitsa mafoni pamsika, mawaya ali piringupiringu, mafoni makumi awiri aliyonse ndi kapepala ka nambala, matanthauzo awiri amakhalira limodzi: iye akutchaja foni yako, ndipo akukutchaja iwe ndalama. Makampani a mafoni nawo anatenga "recharge" kutanthauza kulowetsa mayunitsi, kudzadzanso. Ndipo mukawerenga m'nyuzipepala kuti "the atmosphere was charged" pamsonkhano wandale kapena pamaliro ovuta, akutanthauza kuti mitima inali yodzadza, pang'ono pokha zikanaphulika, ngati mitambo ya Disembala isanagwetse mphenzi.

Funso limene mwana wa mlongo wanga wa Folomu 3 anandifunsa nditamufotokozera zonsezi linali loti, nanga ankolo pamayeso ndidziwa bwanji kuti apa ndi tanthauzo liti? Yankho langa ndi loti usayang'ane liwulo lokha, yang'ana amene layenda nawo. Likatsatana ndi "with" kenako dzina la cholakwa, monga "charged with theft", ndi mlandu. Koma "with" yemweyo akatsatana ndi ntchito, monga "charged with organising the meeting", ndi udindo, munthuyo sanalakwe kanthu, wangopatsidwa ntchito yokonza msonkhano. Likatsatana ndi "for", monga "charged for the repair", ndi ndalama. Likatsatana ndi "at" kapena "towards" kapena "into" pali wina akuthamanga, chokani panjira. Kukakhala "in" kutsogolo ndi "of" kumbuyo ndi woyang'anira. "On charge" ndi foni ili kukhoma, pamene "on a charge of" ndi munthu ali kukhoti. Ndipo kukakhala foni, batire, galimoto yamagetsi kapena sola pafupi, simufunikanso kufunsa. Tamvani chiganizo ichi: "the officer in charge charged him for charging his phone". Mkulu wapamalopo anamulipiritsa chifukwa chotchaja foni yake. Kungosintha "for" kukhala "with" ndiye kuti kutchaja foniko kwasanduka mlandu.

Chimene chimandidandaulitsa ndi mmene ambiri tinaphunzirira Chingerezi, mzere wa mawu kumanzere, tanthauzo limodzi kumanja, lowezani mawa mayeso. Njira imeneyo imagwira pa mawu ngati "giraffe" amene ali ndi ntchito imodzi, koma pa mawu amene timakumana nawo kuchipatala, kubanki, kupolisi ndi kwa a malo imatisiya pangozi, chifukwa munthu amagwira tanthauzo limene anakumana nalo koyamba n'kumaliona paliponse. Komanso amene amalemba mapepala opita kwa anthu wamba, a m'zipatala ndi m'maofesi, bwenzi akumatenga mphindi imodzi kunena pakamwa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kuti mayi, apa talemba kuti mwatuluka ndipo simulipira. Ndikudziwa kuti mizere imakhala yaitali ndipo namwino mmodzi amaona anthu ochuluka, sindikuwada ayi, koma mphindi imeneyo ikanawachotsera azakhali ola lonse la mantha.

Latsala ndi "discharge", limene ndi kutembenuza zonse tanenazi. Kachidutswa koti "dis" kutsogoloko kamachotsa, nde ngati "charge" ndi kusenzetsa, "discharge" ndi kutula. Sitima ya Ilala ikafika pa Nkhata Bay n'kutsitsa matumba ndiye kuti ikupanga "discharge". Batire likamatha moto ndi lomweli. Mfuti ikalira ndi lomweli. Msilikali wa ku Moyale akamaliza ntchito yake n'kupita kumudzi amapatsidwa "discharge", khoti likamasula munthu osamupatsa chilango limagwiritsa ntchito lomweli, ngakhale mafinya otuluka pabala madokotala amawatcha choncho, ndipo wodwala akachira chipatala chimamutula, sakhalanso m'manja mwawo.

Pabenchi paja sindinawauze azakhali za Caesar kapena Franklin ayi. Ndinangokhala pambali pawo n'kuloza ndi chala liwu limodzilimodzi. Ili akuti mwatuluka. Ili akuti mudzabwerenso pakatha masabata awiri mudzaonane ndi anesi aakulu. Ili akuti mankhwala ndi aulere. Anandiyang'ana, anayang'ananso bukulo, akuti ndiye kulibe za apolisi? Ndikuti kulibe azakhali, ngakhale pang'ono. Anapuma mpweya wautali, anapinda buku lija n'kuliika m'kachikwama ka pulasitiki kuti lisanyowe chifukwa kunja kunali kutayamba kuwaza kamvula kaja ka Mzuzu, kenako anandipatsa chikwama cha zofunda kuti ndinyamule, iwo n'kutenga fulasiki ndi mbale zawo, tinatsika pang'onopang'ono kukafuna takisi ya ku Chibavi.